Mwana apite kwa mmisiri kapena kukoleji?

Mayi wina wa ku Ndirande wandilembera pa imelo. Mwana wake walemba MSCE, mapointi sanamufikitse ku yunivesite, ndiye akufunsa ngati amupereke kwa mmisiri wa m'dera mwawo aphunzire kumanga nyumba, kapena adikire malo kukoleji ya ntchito zamanja. Mayi, kalata yanu ndaiwerenga katatu. Mwandikhudza pachilonda.

Ine ndinayamba ngati dakaboyi. Amalume anandipereka kwa mmisiri wina ku Area 25, bambo a manja abwino zedi, khoma lawo ukaliika levulo umachita manyazi ndiwe woyezawe. Koma zaka ziwiri zoyamba ntchito yanga inali wilibala, fosholo, kutunga madzi ndi kuponya njerwa pamwamba. Kukhazika njerwa pachingwe, ayi ndithu. Mmisiri wa m'mudzi safulumira kukuphunzitsa, pakuti tsiku limene wadziwa ntchito ndi lomwe iye wataya wokanda matope wotchipa. Ndinaphunzira mwakuba, ndi maso, kenako ndi manja iwo akapita kukadya nsima.

Pamene ndinkati tsopano ndine mmisiri, zinthu zinatembenuka. Mu 2018 boma linaletsa njerwa zootcha pa zomanga zake ndi pa nyumba zikuluzikulu zamalonda pofuna kupulumutsa mitengo. Ntchito zonona zinasamukira ku mabuloko a simenti, ndipo pachipata cha saiti iliyonse funso linali limodzi: pepala lako lili kuti? Ndinalibe. Kontirakitala wina ananditenga, ndikumanga ngati mmisiri koma m'buku mwake ndili waganyu. Miyezi itatu yomaliza sanandilipire n'komwe.

Ndinapita kukhoti, mayi, nditavala jekete lobwereka. Mlandu unaimitsidwa, unaimitsidwanso, mpaka ndalama ya minibasi inayamba kupikisana ndi imene ndinkalondolayo, ndinangousiya. Pabenchi ija m'pamene ndinayamba kuchita chidwi ndi nkhani ya majaji, imene kale ndinkaiona ngati ya anthu a masuti. Malamulo athu amati majaji amasankhidwa ndi mtsogoleri wa dziko atalandira maina kuchokera ku bungwe loona za majaji la Judicial Service Commission, ndipo mkulu wa majaji amayenera kuvomerezedwa ndi magawo awiri mwa atatu a aphungu. Tonse tinaombera m'manja majaji asanu aja pa 3 February 2020 atafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, tinakwiyanso boma litafuna kutumiza mkulu wa majaji wa nthawiyo, Andrew Nyirenda, kutchuthi chokakamiza chaka chomwecho. Zoona. Koma kwa munthu wa fosholo, khoti labwino ndi lija lomva mlandu wake iye asanatope. Pepani, ndasochera.

Chimene chimandiwawa n'chakuti boma lililonse limalowa ndi nyimbo ya nyumba. Bungwe la boma lomanga nyumba, Malawi Housing Corporation, lilipo kuyambira 1964. A Peter Mutharika anabwera ndi malata ndi simenti zotsika mtengo, a Lazarus Chakwera ndi nyumba 10,000 za apolisi, asilikali ndi ena achitetezo. Nyimbo zimasintha, koma ntchito zikuluzikulu zimapita kwa makontirakitala olembetsa, ndipo iwo amalipira pepala, osati thukuta. Ndinayamba kulemba izi ndikuganiza kuti ndinena kuti njira zonse ziwiri n'zabwino. Ayi, ndakana. Kupereka mwana wa MSCE kwa mmisiri basi, popanda chiyembekezo cha setifiketi, ndi kumutaya.

Ndipo musaone ngati kukoleji n'kukapempha chifundo. TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, inakhazikitsidwa mu 1999, ndipo olemba anthu ntchito amapereka kwacha imodzi pa K100 iliyonse ya malipiro kuti achinyamata aphunzire luso. Ndalamayo ilipo chifukwa cha ana ngati wanuyo. Vuto ndi malo: makoleji a Soche, Nasawa, Namitete, Salima, Lilongwe, Mzuzu ndi Livingstonia sangameze ana onse olemba MSCE, n'chifukwa chake kuyambira 2015 kunabwera makoleji a m'madera, monga a ku Ngara ku Karonga. Ena mwa ana otuluka m'makolejiwa ndawaona pasaiti, pulani amawerenga bwino, koma dzanja lolemera ngati la munthu wodwala malungo. Nawonso amafunika fumbi.

Tsono mutani?

Alembere malo TEVETA ikangolengeza, Soche ili pafupi nanu. Podikira, apite kwa mmisiriyo, koma mukakhale nawo pansi inu nomwe, mugwirizane mwezi umene mwana ayambe kukhazika njerwa, osati kukanda matope kokha. Malo akapanda kupezeka, akalembetse mayeso a boma oyesa luso la ntchito zamanja, aja a trade test. Masiku onse amene wagwira ntchito azilemba m'kope, kapitawo azisainira. Ine kope limenelo ndinalibe tsiku lija ndinavala jekete lobwereka.