Maluwa a mkwatibwi oti adzasungike: musankhe ati?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina yemwe ukwati wake wangotsala miyezi inayi. Iye anati: "Mpukutu wa maluwa womwe ndidzanyamule pa tsikulo ndikufuna ndidzausunge kwa zaka zambiri. Ndimakonda maluwa oyera, makamaka ma lily ndi ma orchid. Kodi amenewa amasungika?"

Achemwali, mwachita bwino kufunsa panopa musanaode maluwawo. Ambiri amakumbukira zosunga mpukutu utagona kale pa tebulo masiku anayi, timasamba titayamba kuyoyoka.

Yankho langa mwina silikusangalatsani: mwasankha maluwa ovuta kwambiri kusunga. Nkhani yonse yagona pa madzi. Timasamba ta lily, orchid, tulip ndi gardenia n'tonenepa, todzaza madzi. Madziwo amatenga nthawi kuti atuluke, ndiye duwalo limakwinyika, kuda, mwinanso kuchita nkhungu lisanaume. Gardenia ndiye amanyanya, kungomugwira ndi chala pamatsala banga. Akatswiri ena ali ndi makina oumitsa maluwa powaziziritsa kwambiri, ndipo amenewo amatha kupulumutsa ngakhale orchid. Koma ngati mukufuna kuumitsa nokha, maluwa amenewa asachuluke mumpukutu wanu.

Omwe savuta ndi aja amamveka ngati pepala mukawakhudza akadali aawisi. Statice, gomphrena, strawflower ndi craspedia (timipira tachikasu tija) amauma osasintha kwenikweni maonekedwe. Lavender amauma bwino ndipo kafungo kake kamatsalira. Gypsophila, timaluwa toyera ting'onoting'ono tomwe amadzazira m'mipata, sakhumudwitsa. Protea wochokera ku South Africa ndi wolimba ngati mtengo, mutu wake umakhalabe chilili kwa zaka. Pa masamba, a bulugamu ndi abwino kuposa masamba ofewa.

Nanga rozi? Amasungika ndithu, bola akhale wongoyamba kumene kumasula. Womasula kwathunthu akauma timasamba take timathothoka mukangomusuntha, pomwe wofungatira kwambiri amasunga chinyezi pakati n'kuyamba kuwolera m'kati inu mukuona ngati zonse zili bwino.

Tsopano za mtundu, poti mwati mumakonda oyera. Duwa loyera likauma silikhalanso loyera kuti mbee. Limasanduka ngati pepala lakalekale, nthawi zina lofiirira m'mphepete. Ena amakonda maonekedwe amenewo, ndipo ine ndili m'gulu lawo, koma ndi bwino mudziwiretu kuti musadzadabwe. Rozi wofiira kwambiri nayenso amada mpaka kuoneka wakuda. Mitundu yomwe imapirira ndi yachikasu, ya orenji, yapepo, yabuluu ndi pinki wowala. Mutati muike timaluwa tochepa ta mitundu imeneyi pakati pa oyerawo, mpukutu wouma udzaoneka wamoyo. Opakidwa utoto apeweni, chifukwa utotowo umatha kusungunuka n'kudetsa anzawo.

Funso lina loti mudzifunse ndi lakuti mukufuna chikumbutsocho chidzaoneke bwanji, chifukwa njira iliyonse ili ndi maluwa ake. Kupachika mozondotsa m'chipinda cha mdima, chouma komanso chopita mphepo kumatenga milungu iwiri kapena itatu, ndipo kumayenera statice, lavender, protea ndi rozi. Ngati mukufuna kudzaika mu felemu pakhoma, maluwa amapsinjidwa pakati pa mapepala omwa madzi kwa milungu itatu kapena inayi. Apo pamafunika maluwa afulati monga cosmos, pansy ndi delphinium. Rozi wonenepa sapsinjika bwino pokhapokha mutamung'amba pakati kapena kupsinja timasamba take patokhapatokha.

Njira yomwe ndimaikonda ndi ya silica gel, timibulu tonga mchenga tomwe timayamwa chinyezi, tofanana ndi tija mumatipeza m'katumba m'bokosi la nsapato zatsopano. Mumakwirira mutu wa duwa m'chidebe chotsekeka bwino, ndipo pakatha pafupifupi sabata imodzi limatuluka louma, losapindika, mtundu wake uli pafupi kwambiri ndi mmene unalili. Ngati mtima wanu uli pa orchid basi, yesani njira imeneyi pa duwa limodzi kapena awiri. Ranunculus ndi dahlia nawonso amatuluka bwino mmenemu.

Za resin, utomoni woonekera ngati galasi uja, ndili ndi chenjezo lochokera pa zomwe zinandichitikira. Ndinathamangira kuthira rozi yemwe pakati pake panali pasanaumitsitse, ndipo patangopita masiku ochepa anasanduka wabulauni m'kati momwemo, popanda njira yomutulutsira. Duwa lililonse lolowa mu resin liyambe lauma kuti gwa. Dziwaninso kuti resin amayamba chikasu pakapita zaka, makamaka akamawombedwa ndi dzuwa. Dzuwalo ndi lomwenso limasulutsa maluwa ouma, choncho pawindo si malo ake.

Pa tsiku laukwati simudzakhala ndi mpata woganizira zonsezi. Sankhiranitu munthu mmodzi woti mukangomaliza kujambulitsa adzatenge mpukutuwo, adule pang'ono kunsi kwa mapesi, auimike m'madzi pamalo ozizira, ndipo kuumitsa kudzayambe pasanathe masiku awiri. Wokonza maluwa wanu muuzeninso kuti mukufuna kudzausunga, kuti asadzagwiritse ntchito guluu wambiri kapena kupopera mankhwala owalitsa.

Poti miyezi inayi ilipo, gulani duwa limodzilimodzi la mitundu yomwe mukuiganizira, kuphatikizapo lily wanuyo. Ena muwapachike, ena muwakwirire mu silica gel, ndipo pakatha milungu itatu muwayale pa tebulo muone omwe mungakonde kumawaona pakhoma panu. Mukatero mundilembere, ndikufuna kudziwa kuti orchid watuluka bwanji.