Lendi mudzipereke nokha kwa landilodi

Achemwali, zoti mukafikire kwa asuweni anuwo sindikukuletsani, chifukwa palibe amene amatsika basi pa Park Station ku Joni n'kupeza chipinda chake tsiku lomwelo. Chimene chandiimitsa mutu ndi mawu amene akuuzaniwo, akuti ndalama ya lendi muzidzawapatsa iwowo ndipo landilodi azionana naye okha. Mawu omwewo anandiuza mwana wa azakhali anga, munthu amene tinakula tikudyera mbale imodzi.

Tinkakhala ku Mayfair, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba, ndipo ine ndinkagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg, kunyamuka kusanache n'kubwera kutada. Mwezi ukatha ndinkamupatsa pamanja gawo langa la lendi ndi la magetsi. Lachisanu lina mu July ndinatsika takisi nditanyamula buledi ndi timapazi ta nkhuku, ndipo nditafika pakhomo ndinapeza loko watsopano, wamkulu, wonyezimira. Ndinasuzumira pawindo ndi tochi ya foni. Matiresi ake kunalibe, mbaula ya magetsi imene tinagula mosonkherana kunalibe, ngakhale katani anali atamasula. Kunatsala chikwama changa pakona, ndipo m'chikwamamo munali pasipoti yanga. Landilodi anatuluka atavala gauni, nandiuza kuti lendi ya miyezi itatu sinaperekedwe, kuti m'bale wangayo wasamuka masana ndi kagalimoto, ndiponso kuti chitseko chimenecho chidzatsekulidwa tsiku limene ngongole yonse idzathe. Ndinagwada pasimenti kupempha kuti anditulutsire bulangete lokha, koma anatseka chitseko chake n'kuzimitsa getsi la panja.

Amene simunafike kuno musamayerekeze kuzizira kwa Joni mu July ndi kwa ku Dedza, chifukwa kuno mame amauma n'kuyera pa udzu. Usiku umenewo ndinakhala m'chimbudzi cha panja, pamwamba pa ndowa yovundikira, nditavala yunifolomu ya kuntchito ndi juzi yopyapyala, mapazi nditawakulunga m'jumbo. Zala zinachita dzanzi mpaka ndinkalephera kudina foni, ndipo nambala ya m'bale wanga uja inali yozimitsa. Galimoto ya apolisi ikamalira mumsewu mtima unkangoti phaa, popeza masiku 30 amene anandidindira pa Beitbridge anali atatha kale, ndipo munthu wopanda pepala lililonse m'manja akamugwira, njira yake ndi ya ku Lindela, ku Krugersdorp, kumene amasungira anthu oti abwezedwe kwawo. Kutacha ndinasukusula kumaso pampopi n'kupita kuntchito, pakuti abwana safunsa kumene wagona.

Chimene chimandiwawa mpaka lero si loko uja ayi. Ndinadzamva kuti ndalama zanga zinagula malata ndi firiji zimene anatumiza kumudzi pa transipota, ndipo kumeneko anthu ankamutamanda kuti ndi mwana wanzeru, pamene ine ankandinena kuti Joni yandimeza. Nditawadandaulira azakhali, anandiyankha kuti nkhani za pachibale sazitulutsa kubwalo. Chibale chake chiti chimenecho, chosiya mnzako panja m'dziko la eni? Mpaka pano m'bale wangayo sanapepese, koma Lamlungu lililonse amaika zithunzi za kutchalitchi pa Facebook, Baibulo lili m'manja.

Amene ananditola ndi mayi wina wa ku Mangochi, wogulitsa zitumbuwa ndi usipa, amene sindinkamudziwa n'komwe. Anandigoneka pansi m'chipinda chake pamodzi ndi ana ake, ndipo ndi iyeyo amene anandiuza kuti malamulo a South Africa salola landilodi kutsekera munthu panja kapena kugwira katundu wake popanda chilolezo cha khoti, ndipo kuti kuli ofesi yotchedwa Rental Housing Tribunal imene imamva madandaulo otere mwaulere. Ine sindinapiteko chifukwa cha mantha a mapepala. Ndinalipira ngongole ya mnzanga ija pang'onopang'ono mpaka pasipoti inabwerera m'manja mwanga. Koma inu zikadzakuchitikirani mudzapiteko, musadzaope.

Tsono mukafika, muonane ndi landilodi maso ndi maso tsiku loyamba, mutenge nambala yake, ndipo gawo lanu muzipereka nokha n'kulandira risiti kapena uthenga wapafoni. Pasipoti isagone m'chipinda chimene kiyi wake muli naye awiri, ndipo muijambule tsamba ndi tsamba musananyamuke. Mudziwenso kuti mukapitirira masiku anu ndi masiku oposa 30, potuluka amakuletsani kulowanso kwa zaka 5, choncho musamvere aliyense wokuuzani kuti zimenezo ndi zazing'ono. Pa ntchito imene akulonjezaniyo, funsani malipiro musanakwere basi, chifukwa mu March 2025 malipiro otsikitsitsa anakwera kufika R28.79 pa ola, ndipo antchito a m'nyumba ali momwemo, ngakhale ambirife timalandira zochepera pamenepo n'kukhala chete.

Munthu wakwanu musamukhulupirire pa nkhani ya ndalama, kaya ndi wa bere limodzi. Komabe musadzipatule kwa Amalawi anzanu, pakuti mukadwala kapena kukagwa maliro, osonkha ndi omwewo. Mukadutsa pa Mwanza mundilembere ku inbox, ndidzakulondolerani kwa mayi wa ku Mangochi uja, ndipo mubwere ndi bulangete lanulanu lolemera.