Kodi kusunga madola m'chitini n'kuchepa chikhulupiriro?

Mayi wina wa ku Mufakose, kuno ku Harare m'dziko la Zimbabwe, amene amagulitsa tomato pa msika wa Mbare Musika, wandilembera imelo. Akuti sabata iliyonse amaponya timadola ta ku America m'chitini, koma mlaliki wina anawauza kuti wosunga ndalama sakhulupirira Mulungu, bola akazipereke ngati "mbewu". Ndiye akufunsa ngati akuchimwa.

Mayi, chitinicho musachitaye.

Ife a mu Harare palibe angatiphunzitse zoti chuma chimamera mapiko. Bambo anga anachoka ku Dedza ali mnyamata, nakalamba akugwira ntchito pafakitale, koma mu 2008, ndalama ya Zimbabwe itatha mphamvu, penshoni yawo inalephera kugula ngakhale thumba la ufa. Ndalama yapepala ija ya madola a Zimbabwe 100 trillion, imene inatuluka mu Januwale 2009, ndikadali nayo. Ndimasungira tsamba m'Baibulo, pa 1 Timoteo 6:17, pomwe Paulo akuchenjeza olemera kuti asadalire chuma. Kenako kunabwera ndalama zina zatsopano: ma bond note mu 2016, ZiG mu 2024. Ndiye munthu akamabisa dola ine sindimudabwa.

Koma Baibulo lomwelo lili ndi Yosefe, amene pa Genesis 41 analangiza Farao kusunga gawo limodzi mwa magawo asanu a zokolola kwa zaka 7. Mulungu sanamudzudzule. Amene anatchedwa wopusa ndi mwini nkhokwe wa pa Luka 12, ndipo mukawerenga bwino mumva chifukwa chake: dzinthu zanga, nkhokwe zanga, moyo wanga. Munthu wina sakutchulidwamo ndi kamodzi komwe. Tirigu wa Yosefe anadyetsa mitundu ya anthu, ngakhale abale ake amene anamugulitsa aja.

Apa ndiye pofunika kudzifunsa. Mnzanu wogulitsa naye pafupi mwana wake akadwala, chitinicho chimatseguka? Tsiku limene mwapeza kuti muli zochepa, mumagona tulo? Ine ndivomere, funso lachiwirili limandigwetsa kawirikawiri.

Bambo atamwalira, bokosi anagula ndi anzawo a bungwe la maliro, azibambo okalamba amene ankasonkha pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Ifetu tinalibe kalikonse, ndipo mayi anga mpaka lero amati Mulungu anatiyankha kudzera m'kabuku kawo ka zopereka kaja.

Za mlalikiyo, mufunseni mwaulemu ngati iye alibe akaunti kubanki. Komanso madolawo muziwakulunga m'pulasitiki. Mukudziwa nokha mmene dola yong'ambika amaikanira kuno.