Wovuta ndi mwana, nanga akatswiri amayambiranji ndi makolo?

Mayi ena amene amawerenga tsamba lino anditumizira imelo yofunsa za mwana wawo wa zaka 4, yemwe amamenya ndi kuluma anzake kusukulu ya mkaka, amakana chilichonse chimene wauzidwa, ndipo akapsa mtima amadzigwetsa pansi n'kumakuwa kwa nthawi yaitali. Achibale akuwauza kuti adzasiya yekha akakula. Mayiwa anamva kuti kunja kuli akatswiri a zamaganizo amene anathera zaka zambiri akufufuza za ana otere, choncho akufuna kudziwa ngati alipodi, zimene anapeza, komanso chifukwa chake amalimbana ndi makolo pamene wovuta ndi mwana.

Alipodi, mayi, ndipo ndikuuzani za mmodzi amene ntchito yake ikuyankha mafunso anu onse. Dzina lake ndi Carolyn Webster-Stratton, yemwe anaphunzitsa kwa zaka zambiri pa University of Washington mumzinda wa Seattle, ku America. Iye anayamba ngati namwino asanakhale katswiri wa zamaganizo, ndipo ine ndimaona kuti chiyambi chimenechi chinamuthandiza kwambiri, chifukwa namwino amazolowera kufunsa chimene kholo lingathe kukachita kunyumba likatuluka m'chipinda cha dokotala. Pa yunivesiteyo anakhazikitsa Parenting Clinic, kumene ankalandira mabanja okhala ndi ana a zaka zapakati pa 3 ndi 8 omwe anali aukali ndi osamvera mopitirira muyezo. Maphunziro amene anawakonza kuyambira cha m'ma 1980 ndi amene lero amadziwika ndi dzina lakuti The Incredible Years.

Ganizo loyambira kwa makolo silinali lake yekha. Katswiri wina wa ku Oregon, ku America komweko, Gerald Patterson, ndi anzake anakhala akulowa m'makomo n'kumalemba mwatsatanetsatane zimene zimachitika pakati pa makolo ndi ana ovuta, ndipo anapeza kuti mkangano umayenda m'njira imodzimodzi tsiku ndi tsiku. Kholo limalamula, mwana amakuwa, kholo limakalipa, mwana amakuwitsitsa, ndipo pamapeto pake kholo limatopa n'kumusiya. Mwana amaphunzirapo kuti kukuwa kumachotsa lamulo. Tsiku lina kholo limamukwapula, mwana amakhala chete kwa kanthawi, ndipo nalonso kholo limaphunzirapo kuti ukali ndi umene umagwira ntchito. Motero onse awiri amaphunzitsana nkhanza popanda wofuna. Apa ndi pamene pagona yankho la funso lanu: akatswiri sayamba ndi makolo chifukwa chowaimba mlandu, koma chifukwa mwana wa zaka 4 sangasinthe yekha mmene mkanganowo umayendera, pamene munthu wamkulu amene amakhala naye m'mawa ndi madzulo angathe.

Chimene Webster-Stratton anawonjezera ndi njira yophunzitsira. M'malo mopereka malangizo a pakamwa kwa kholo limodzi m'chipinda, anajambula mavidiyo afupiafupi osonyeza makolo akusewera ndi ana awo, akuwayamikira kapena akuwaletsa, ena akuchita bwino ndipo ena akulakwitsa. Makolo amakumana m'gulu kwa maola awiri pa sabata, kwa miyezi itatu kapena kuposerapo, n'kumaonera, kukambirana ndi kuyeserera, wina atakhala ngati mwana. Dongosolo la maphunzirowo limadabwitsa anthu ambiri. Masabata oyambirira sakamba za chilango n'komwe. Kholo limapatsidwa ntchito yosewera ndi mwana kwa mphindi 10 kapena 15 tsiku lililonse, mwanayo ali wotsogolera masewerawo, kholo likungotsatira ndi kutchula zimene akuchita popanda kumufunsa mafunso kapena kumukonza. Pambuyo pake pamabwera kuyamikira kotchula chenicheni chimene mwana wachita, monga kunena kuti "wachita bwino pomubwereka mnzako mpira" m'malo mongoti "ndiwe mwana wabwino". Kenako amaphunzira kupereka malamulo ochepa ndi omveka, kunyalanyaza tizinthu monga kung'ung'udza, ndipo pomalizira pake m'pamene amafika pa kumukhazika mwana pambali kwa mphindi zochepa akamenya mnzake. Makolo ambiri amafika akufuna chilango champhamvu, ndiye amakhumudwa akauzidwa kuti akasewere. Koma mwana amene amangoona nkhope ya kholo lake ikamukalipira alibe chimene angataye akapanda kumvera.

Chimene chimandipatsa ulemu pa ntchito yake n'chakuti sanangokhulupirira kuti njirayo ndi yabwino, koma anaiyesa mobwerezabwereza. Mabanja ankagawidwa mwa maere, ena n'kulandira maphunziro nthawi yomweyo pamene ena ankadikira, ndipo anthu ena ankapita m'makomo kukaona okha mmene ana akuchitira, osangodalira mawu a makolo. Zotsatira zinamukakamiza kusintha. Anaona kuti ana ambiri ankasintha kunyumba koma ena ankavutabe kusukulu, choncho anakonza maphunziro a ana enieniwo, otchedwa Dinosaur School, momwe zidole zolankhulitsidwa ndi dzanja zimaphunzitsa ana kutchula mmene akumvera, kuugwira mtima ndi kupeza njira yothetsera mkangano. Kafukufuku amene anasindikiza ndi Mary Hammond mu 1997 anasonyeza kuti kuphunzitsa makolo kunkakonza za kunyumba, kuphunzitsa ana kunkawathandiza kukhala bwino ndi anzawo, ndipo kuphatikiza zonse ziwiri n'kumene kunapindulitsa kwambiri patatha chaka. Pambuyo pake anakonzanso maphunziro a aphunzitsi.

Tsopano za achibale anu. Iwo sakunama kwathunthu, pakuti ana ambiri a zaka ziwiri kapena zitatu amamenya ndi kuvuta, ndipo amasiyadi akayamba kulankhula bwino. Vuto lili pa gulu laling'ono la ana amene ukali wawo umayamba msanga, umachitika kawirikawiri, ndipo umaoneka kunyumba ndi kusukulu komwe. Terrie Moffitt, amene wakhala akutsatira miyoyo ya ana obadwira ku Dunedin, ku New Zealand, anafotokoza mu 1993 kuti ana oyamba msanga oterewa ndi amene ali pa chiopsezo chopitiriza mpaka atakula, kusiyana ndi amene amangopulupudza paunyamata. Ku London, Stephen Scott ndi anzake analemba mu 2001 kuti ana amene anali ndi vuto lalikulu la khalidwe ali ndi zaka 10 anali atadyera boma pafupifupi mapaundi 70,000 aliyense pofika zaka 28, pamene anzawo opanda vutolo anadyera pafupifupi mapaundi 7,400, ndipo gawo lalikulu la ndalamazo linapita ku milandu. Akuluakulu anati kuwongola mtengo ndi uli waung'ono, ndipo pa nkhani iyi kafukufuku akugwirizana nawo, ngakhale sagwirizana ndi amene amamva mwambiwu ngati chilolezo chothyola kamtengo kokwapulira.

Pali zinthu zimene muyenera kuzidziwa kuti musatengeke. Si ana onse amene amasintha, ndipo mabanja amene ali ndi umphawi, mikangano ya m'banja kapena kholo lovutika maganizo amavutika kufika kumapeto kwa maphunziro. Komanso Webster-Stratton anali ndi kampani yogulitsa zipangizo za maphunzirowa, zimene iye mwini ankazitchula poyera m'zolemba zake, choncho n'koyenera kufunsa ngati ofufuza ena anapeza zofanana. Anapezadi. Scott yemweyo anayesa njirayi pa ana 141 ku England mu 2001, ndipo Judy Hutchings anaiyesa m'madera osauka a ku Wales mu 2007, ndipo onse anapeza kuti khalidwe la ana linasintha. Helen Baker-Henningham anatenga gawo la maphunzirowa lokhudza aphunzitsi n'kulisintha kuti ligwirizane ndi sukulu za mkaka za ku Jamaica, ndipo nakonso linathandiza. Chopinga chachikulu kwa ife ndi mtengo, chifukwa zipangizo ndi maphunziro a otsogolera magulu n'zodula. N'chifukwa chake akatswiri a ku South Africa ndi ku Britain, mogwirizana ndi bungwe la zaumoyo la WHO ndi bungwe loona za ana la UNICEF, anakonza maphunziro otchipa otchedwa Parenting for Lifelong Health, omwe anayamba kuyesedwa ku South Africa pa mfundo zofanana ndi zomwezi.

Pa za mwana wanu, sindingamuyeze kudzera pa imelo, koma mmene mwafotokozera, zoti vutoli likuoneka kunyumba ndi kusukulu n'zokwanira kuti musangodikira. Mupite naye kuchipatala akamuone ngati amamva bwino ndiponso ngati kalankhulidwe kake kakufanana ndi msinkhu wake, pakuti mwana amene samva bwino kapena amalephera kufotokoza zimene akufuna amatha kuoneka ngati wamwano. Mukhale pansi ndi aphunzitsi ake kuti mugwirizane chimene nonse muzichita akamenya mnzake, ndipo muuzenso aliyense amene amamulera pakhomo, kaya ndi bambo ake, agogo kapena mtsikana wantchito, kuti lamulo lisamasinthe malinga ndi amene alipo. Mphindi zosewera zija mungathe kuziyamba mlungu uno, ndipo musadabwe ngati kukuwa kutayamba kwawonjezeka masiku oyambirira mukasiya kumugonjera, chifukwa amakhala akuyesa ngati njira yake yakale ikugwirabe ntchito.