Tigulitse dimba kuti tipeze mankhwala atsopano?

FUNSO: Adokotala, amuna anga awapeza ndi khansa ya kapamba, ndipo akuti yafika kale ku chiwindi. Maso achita chikasu, nsima akungodya mbamu ziwiri, lamba taboola kawiri konse. Alamu anga a ku Johannesburg atiuza pa WhatsApp kuti kuli mankhwala osakaniza amene akuyesedwa, ndipo pali munthu woti atipezera tikatumiza ndalama. Kodi tigulitse dimba lathu la kachewere?
Mayi wa ku Tsangano, Ntcheu

YANKHO: Pepani ndi matendawa, mayi. Dimbalo musagulitse.

Zoti mankhwala akuyesedwa n'zoona, alamu anu sananame. Khansa imeneyi imabisala kuseri kwa chifu, ndiye pomadzadziwika imakhala itayala kale mizu. Kwa zaka zambiri madokotala ankadalira mankhwala amodzi, gemcitabine. Mu 2011 ofufuza a ku France anafalitsa zimene anapeza pa odwala 342: ena anawapatsa gemcitabine, ena mankhwala anayi ophatikiza otchedwa FOLFIRINOX. Mwa amene analandira anayiwo, theka anapitirira miyezi 11 ali moyo. Mwa a gemcitabine, theka anamwalira miyezi 7 isanakwane n'komwe. Mu 2023 kuphatikiza kwina, NALIRIFOX, kunafikanso pa miyezi 11 yomweyo.

Mwaona kuti ndikuwerenga miyezi, osati zaka. Miyezi inayi si yochepa kwa bambo wofuna kuona mwana wake akulemba mayeso a Fomu 4, koma kumeneko si kuchira. Mankhwalawa ndi aukalinso: amatsegula m'mimba, amachititsa dzanzi m'zala, amagwetsa chitetezo cha m'thupi. Amapatsidwa kwa wodwala amene akudziyendera yekha, chiwindi chikugwirabe ntchito. Maso achikasu mwanenawo adokotala ayenera kuyamba athana nawo.

Za munthu wa ndalamayo ndiye zandikwiyitsa. Kafukufuku weniweni sagulitsa mankhwala ake pa foni. Wodwala amapimidwa, amamufotokozera kuopsa kwake, n'kusaina yekha atavomera. Kuno kwathu kafukufuku wa mankhwala amafunikanso chilolezo cha PMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala.

Tengani mapepala onse a kuchipatala, mukafunse madokotala a khansa ku Kamuzu Central ku Lilongwe ngati thupi la bambo lingapirire kemo, mankhwala aukali olimbana ndi khansa aja. Ndipo osadikira tsiku limenelo: pitani kuchipatala cha boma ku Ntcheu mukapemphe mofini wakumwa, mankhwala oletsa ululu, kuti usiku azigona. Chakudya muziwapatsa pang'onopang'ono koma pafupipafupi, kaphala kothira nsinjiro pang'ono kapena kachewere wanu yemweyo wopota.