Kwa mayi a ku Salima amene alandira kagalu ka Pekingese

Mayi, mwati achimwene anu akubweretserani kagalu ka mtundu wa Pekingese kuchokera ku Joni, muli ndi ana awiri ang'onoang'ono, ndipo mukufuna kudziwa kumene tiagalu timeneti tidachokera, khalidwe lake ndi kasamalidwe kake. Amene akuti mukamange pa unyolo kuti kazilondera pakhomo musawamvere. Galu ameneyu sadaumbidwire ntchito imeneyo.

Kwawo ndi ku China, ndipo dzina lake lidachokera ku Peking, momwe azungu ankalembera mzinda wa Beijing. Kwa zaka mazanamazana ankawetedwa m'nyumba yachifumu mokha, munthu wamba saloledwa kukhala naye. Ankamuweta mosankha kuti azifanana ndi mkango wa pa zosema za kumeneko, n'chifukwa chake ali ndi ubweya wambiri m'khosi ndi nkhope yophwatalala. Tating'ono kwambiri a kubanja lachifumu ankatinyamula m'manja otakasuka a mikanjo yawo. Mu 1860 asilikali a Britain ndi France adafunkha ndi kutentha nyumba yachifumu ya Yuanmingyuan pafupi ndi Beijing, ndipo agalu asanu adatengedwa kupita ku England. Mmodzi, wotchedwa Looty, adaperekedwa kwa Mfumukazi Victoria ndi Kaputeni John Hart Dunne. Apa m'pamene anthu olemera a ku Ulaya adayamba kuwakhumbira, moti mwa agalu atatu amene adapulumuka pomira sitima ya Titanic mu 1912, mmodzi adali Pekingese.

Uchifumu umenewo sunamuchoke. Ndi galu wodzimva, wamakani, amene mukamuitana amayamba wakuyang'anani kaye ngati akufunsa kuti mwamuitanira chiyani. Amakonda kwambiri munthu mmodzi kapena awiri pakhomo, alendo sawalabadira. Kuuwa amauwa ndithu akamva phazi lachilendo, ndipo saopa ngakhale galu wamkulu, zomwe zimamuika m'mavuto chifukwa iye salemera kupitirira makilogalamu 6. Kumuphunzitsa kudzithandizira panja kumafuna kufatsa. Mukammenya amangoumiratu mtima. Kachidutswa ka nyama ndi mawu okoma ndizo zimagwira ntchito.

Za ana ndinene mosabisa: sakonda kukokedwa mchira kapena kunyamulidwa ngati chidole, ndipo akatopa amaluma. Ana azisewera naye atakhala pansi, wamkulu ali pomwepo. Maso ake ndi otong'oka, okhala m'mabowo osaya, moti kumukoka chikopa cha pakhosi mwamphamvu kapena kugwa kuchokera m'manja kungathe kutulutsa diso. Msana wake ndi wautali pa miyendo yaifupi, choncho asamadumphe kuchokera pa bedi kapena pa khonde lalitali.

Koma chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi Salimayo. Galu amadziziziritsa popuma wefuwefu, ndipo uyu mphuno yake ndi yaifupi, njira ya mpweya ndi yopanikizika, kuonjezerapo chiubweya chonsecho. Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala m'mphepete mwa nyanja kungathe kumupha masana amodzi okha. Muzimuyendetsa m'mamawa kapena dzuwa litalowa, pang'ono chabe, ndipo lamba akhale womanga pachifuwa osati wa m'khosi. Masana azigona m'nyumba pa simenti pozizira, madzi ali pafupi, fani ngati magetsi alipo. M'galimoto yotseka musamusiye ngakhale mwangotsika kukagula tomato. Mukaona akupuma movutika, dovu lili chuchuchu, lilime likuda, muthireni madzi ozizira bwino osati a ayisi, ndipo thamangani naye kwa dotolo wa ziweto. Kuliza mkonono pogona n'kwachibadwa chake, koma kukamakula mpaka kumakomoka akasewera, akamuone.

Ubweyawo muzipesa pafupifupi tsiku lililonse, makamaka kuseri kwa makutu ndi m'khwapa momwe umapotana. Kumeneko m'mwenso mumabisala nkhupakupa ndi utitiri, ndipo nyengo ya mvula muzipapasa khungu kufufuza timatuza ta mphutsi. Kuudula kuti ufupike palibe cholakwa, bola osameta mpala. Khwinya la pamwamba pa mphuno muzilipukuta ndi kansalu konyowa n'kuliumitsa, apo ayi limanunkha n'kuchita zilonda. Diso likayamba kuyera kapena akamalitsinzina, musadikire mawa.

Chakudya chikhale chochepa koma chabwino, kawiri pa tsiku. Mkute wa nsima wokhawokha sumukwanira. Pakhale nyama, mazira kapena chakudya cha agalu cha m'sitolo. Akanenepa kupuma kumavutiravutira. Anyezi, adyo, chokoleti, mphesa ndi mafupa ophika a nkhuku ayi ndithu, ndipo musamupatse mankhwala a anthu ochepetsa ululu.

Funsani achimwenewo kabuku ka katemera. Ngati palibe, yambirani pachiyambi: katemera wa parvo ndi distemper, matenda oopsa a agalu, amayamba ali ndi masabata 6 mpaka 8 n'kubwerezedwa, wa chiwewe ali ndi miyezi 3, komanso mankhwala a njoka za m'mimba. Ofesi ya zaziweto ya paboma ingakuthandizeni pa chiwewe, ndipo ku Lilongwe kuli chipatala cha ziweto cha bungwe losamalira zinyama la LSPCA. Ngati ndi kakakazi, ganizirani zokatseketsa, chifukwa ana ake amakhala ndi mitu ikuluikulu ndipo nthawi zambiri kubereka kumafuna opaleshoni. Wosamalidwa bwino amakhala zaka 12 mpaka 14, ndiye kuti ana anuwo adzafika naye ku sekondale.