Zija ankalemba a nyuzipepala za nyumba zakunja

Achimwene, mwafunsa ngati nyuzipepala za kuno ku Ireland zinkalemba zoona za anthu amene ankagula nyumba m'mayiko akunja nthawi ya Celtic Tiger, zaka zija chuma cha Ireland chinkakwera mothamanga chisanagwe mu 2008. Ine ndikuona kuti bodza lamkunkhuniza linali lochepa. Vuto linali pa amene ankafunsidwa.

Manambala a zogula zikuluzikulu anali olondola. Wabizinesi wa kuno Derek Quinlan ndi anzake anaguladi mahotela a Savoy ku London mu 2004 pamtengo wa mapaundi 750 miliyoni, ndipo mu 2006 a Treasury Holdings, kampani ya kuno ya zanyumba, anatenga Battersea Power Station, chinyumba chakale chopangira magetsi ku London komweko. Koma zinkalembedwa ngati timu yawo yakachinya ku England, osafunsa kuti ndalamazo n'zayani. Zambiri zinali ngongole za kubanki, ndipo gawo la ngongole ya Battersea linadzathera m'manja mwa NAMA, bungwe limene boma linakhazikitsa mu 2009 kuti lisenze ngongole zowolazo.

Amene ananyikidwa kwenikweni ndi anthu wamba, aphunzitsi, anamwino, oyendetsa matakisi, omwe ankathamangira ku Bulgaria, Budapest, Spain ndi Dubai. Mayi wina amene ndimagwira naye ntchito anagula kafulati ku Sunny Beach, malo a alendo a m'mbali mwa nyanja ku Bulgaria, atangoona chithunzi chojambula, maziko asanakumbidwe n'komwe. Ndalama anakongola poika nyumba yake ya ku Dublin chikole. Tsamba la nyuzipepala limene linamukopa analisunga, ndipo tsiku lina pa tiyi anandionetsa, litafiira kale m'mbali. Katswiri amene ankati mitengo ikwerabe anali wogulitsa mafulati omwewo, malonda ake ali pamunsi pa nkhaniyo! Anamulonjeza lendi yotsimikizika kwa zaka ziwiri. Palibe anamuuza kuti lendiyo inali itawerengeredwa kale mumtengo, kapena kuti chilimwe chikatha kumeneko kumati zii.

Tsono kumbukirani kuti masamba a zanyumba ankabweretsa ndalama zambiri za otsatsa malonda. Nyuzipepala ya Irish Times inafika pogula MyHome.ie, webusaiti yotsatsa nyumba, mu 2006 ndi mayuro pafupifupi 50 miliyoni. Akonzi a nyuzipepala ataitanidwa mu 2015 ku Banking Inquiry, komiti ya nyumba ya malamulo yofufuza za mavuto a mabanki, anakana kuti otsatsa malonda ankawauza zolemba. Mwina sankawauzadi, koma paja mbuzi imadya pomwe yamangidwa.

Tisawanamizire kuti onse anali chete. Irish Times yomweyo inasindikiza chenjezo la Morgan Kelly, katswiri wa zachuma wa ku yunivesite ya UCD ku Dublin, mu Disembala 2006, kanema wa dziko lino wa RTÉ naye anachenjeza mu 2007, Bertie Ahern, nduna yaikulu ya nthawi imeneyo, n'kumanyoza odandaulawo. Kungoti machenjezowo ankakamba za nyumba za kuno. Za ku Bulgaria zinkangodutsa, chifukwa kuti udziwe ngati munthu wagulitsako fulati yake n'kupindula unafunika kupita konko n'kukafunsa eni dziko.

Mayi uja anagulitsa patatha zaka, pamtengo wosafika theka la umene anagulira. Ngongole ya ku Dublin ija akubwezabe.